Mchira wa Mawu

Lachiwiri, belu la chitsulo cha thirakitala likalira,
ndimalowa mu Fomu 1 ndi choko chothyoka pawiri
ndi buku limene ndinachoka nalo ku seminale
chaka chimene ndinasiya za unsembe n'kukwatira.
Chikuto chake chinadyedwa ndi chiswe kuno ku Mkanda,
koma Chilatini cham'katimo chiswe chinachilephera.

Bambo mfumu anati: mphindi makumi anayi basi,
anawa adziwe komwe kunachokera nyimbo za Misa yakale.
Makolo pamsonkhano anafunsa mosapsatira:
chilankhulo chakufachi amagula zingati pa kilo?
Sindinayankhe. Soya anali atatsika mtengo sabata imeneyo.

Ndimayamba chonchi:
ife mawu timawagwira kumutu,
munthu, anthu, kamunthu, chimunthu,
koma Aroma ankawagwira kumchira
ngati mbewa yothawira kuuna.
Puella, puellae, puellam.
Yang'anani mchira, ndimatero, mchirawo ukuuzani
wamenya ndani, wamenyedwa ndani.

Kasiyano, wokhala kumbuyo pazenera lopanda galasi,
akuti ng'ombe za amalume ake nazonso
amazidziwira kumchira komweko.
Kalasi yonse kufa nalo phwete.
Ndimamuleka. Wamva kuposa anzakewo.

Tsiku lina ndinalemba pabolodi: puella aquam portat.
Mtsikana wasenza madzi.
Ndisanatsitse dzanja, chitseko chinati kwee,
analowa Lekeleni, bulauzi itanyowa paphewa,
tsitsi litagona pomwe panali nkhata.
Mjigo wa kwawo unafa mwezi watha,
amakatunga kudambo, kuseri kwa manda.
Palibe anaseka.
Chiganizo changa chinali chitaima pakhomo,
chili wefuwefu, chikufuna malo pabenchi.

Sabata yotsatira tinafika pa agricola, mlimi.
Ndinawachenjeza monga anandichenjezera ine
wansembe wandevu uja, wonunkha fodya wa m'kaliwo:
samalani, mchira wakewu ukuoneka wachikazi
koma mawuwa ndi aamuna, buku latero.

Lekeleni anakweza dzanja, osati m'mwamba kwenikweni.
Aphunzitsi, mchirawo sunaname, lanama ndi bukulo.
Kwathu agricola ndi amayi.
Abambo anapita ku Chipata kukagula feteleza
ine ndili Sitandade 4.

Ndinatembenukira kubolodi
n'kuyamba kufufuta pomwe panalibe cholembedwa.

Usiku wa Lachisanu, ndikuchonga mayeso ndi tochi ya foni,
mkazi wanga akuswa mtedza m'lichero,
ndinafika papepala lake.
Funso lachinayi: lembani kuti mlimi wotopa.
Yankho la m'buku: agricola fessus.
Iye analemba fessa,
kachilembo komalizako atakadinda mobwereza
mpaka pepala kubooka.

Cholembera chofiira chinandilemera ngati khasu la m'dothi lonyowa.
Zaka zisanu ndi ziwiri za ku seminale zinati: khwatcha!
Mayeso ndi mayeso, mwanayu adzakumana ndi ena
osadziwa za mjigo, osadziwa za Chipata.
Ndinafotokozera mkazi wanga nkhani yonse,
za michira, za Aroma, za lamulo lake.
Sanadzutse mutu. Anangouluza makoko n'kuti:
nanga wotopayo ndani?

Ndinakhwatcha, inde, pakuti ndine mphunzitsi.
Koma m'mphepete, motsitsa dzanja,
ndinalemba mawu amodzi amene sitinafikepo,
verum,
kuti akawafunefune yekha kumapeto kwa buku
Lolemba, ndikamubwereka.

Amati chilankhulochi chinafa kalekale.
Kaya. Ine maliro ndaonapo ambiri,
sindinaonepo mtembo ukutsutsidwa ndi mwana wa Fomu 1
mpaka mphunzitsi kusowa tulo.

Lachiwiri likudzali tilowa gulu lachiwiri la mayina.
Tsamba lake ndalipinda kale pakona:
dominus, bwana,
servus, kapolo.
Theka la kalasi ndi ana a matenanti a ku esiteti ya fodya.
Kasiyano abambo ake sanalipidwe chiyambire Juni.

Choko ndapempha kale chatsopano ku ofesi.
Akuti ndidikire.